Chingwe Chikamaunjikana Mbali Imodzi: Kukonza Line Guide ya Reel ya Baitcaster

Mwaponya nyambo bwinobwino, yagwera pomwe mumafuna, m'mphepete mwa bango. Mwayamba kupukusa handulo, mukungomva kuti tche, tche, kenaka handulo yalemera ngati mwakola chitsa. Kuyang'ana pa reel, chida chokulungira chingwe pa ndodo yowedzera, chingwe chonse chaunjikana ngati chulu pakona imodzi ya spool, kamgolo komwe chingwe chimakulungikapo, ndipo kangolo kaja kamene kamayenda uku ndi uku poyala chingwe kaima chilili.

Zikatero chotsani dzanja pa handulo. Ine ndinaphunzira mochedwa. Reel yanga yoyamba, yogula kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni, inachita zomwezi ndili pa damu m'mawa wina, ndipo ndinati ndiikakamize mwina imasuka. Inamasukadi, koma ndi kaphokoso kamene sindidzakaiwala. Vuto linali kamchenga kamodzi ndi kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga. Pokakamiza paja ndinabenthula chitsulo china chachikulu, chomwe ndinachidikira miyezi iwiri kuti chifike.

Zimene zili mkatimo

Baitcaster ndi reel yokhala pamwamba pa ndodo, yomwe spool yake imazungulira poponya. Kangolo kake kaja pa mapepala a opanga amakalemba kuti line guide, ena amati level wind. Kali ndi kadiso komwe chingwe chimadutsa. Pansi pake pamadutsa chitsulo chozungulira chotchedwa worm, chomwe anachizokota ngalande ziwiri zopingasana, ina yopita kumanja ina yobwerera kumanzere, zolumikizana kumapeto onse awiri. Mukachiyang'anitsitsa chimaoneka ngati maluko a dengu. Nthawi zambiri chimakhala mkati mwa kapaipi kong'ambidwa mbali imodzi.

Chimene chimalumikiza kangolo ndi worm ndi kachitsulo kakang'ono kotchedwa pawl. Ine ndimangokatcha kadzino. Kumutu kwake n'kobulungira, kunsi kwake n'kophwatalala ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo kunsiko n'kumene kumalowa mu ngalande. Worm ikamazungulira, kadzino kamatsata ngalande n'kumakoka kangolo. Kakafika kumapeto kamatembenuka pang'ono n'kulowa ngalande yobwerera. Kachitsekero kopota ndi kamene kamakagwira kuti kasagwe, ndipo mkati mwa kachitsekeroko mumakhala washala wopyapyala ngati chikhadabo.

Nzeruyi si ya lero ayi. M'zaka za m'ma 1890 William Shakespeare Jr. wa ku Kalamazoo ku America anali atapanga kale reel yoyala yokha chingwe. Koma kufikira lero malo amenewa ndi amene amavuta msanga kuposa ena onse, chifukwa magiya ndi mabeyaring'i amakhala otsekeredwa mkati pomwe worm ili pamtetete. Chingwe chonyowa chikamabwerera chimadontheza madzi, matope ndi ndere pomwepo. Mukaika reel pansi pa mchenga wa kunyanja ngakhale kamphindi, mchenga umayambira pomwepo kulowa.

Chinthu china choti mudziwe musanagwire sikuludiraiva n'chakuti ma reel amenewa alipo a mitundu iwiri. Ambiri a masiku ano, ophwatalala aja monga Shimano Curado, kangolo kawo kamayenda pokhapokha mukupukusa handulo. Poponya kamangokhala pomwe kanatsalira. Obulungira akale monga Ambassadeur a Abu Garcia, omwe anayamba kupangidwa ku Svängsta ku Sweden m'zaka za m'ma 1950, kangolo kawo kamayendetsedwa ndi spool, choncho kamathamanga uku ndi uku ngakhale poponya. Kuti mudziwe mtundu wa yanu, dinani batani lomasula spool ndipo mukoke chingwe ndi dzanja. Kangolo kakayenda, ndiye kuti yanu ndi ya mtundu wachiwiriwu. Anthu ena amadandaula kuti kangolo kafa chifukwa sikayenda poponya, pomwe reel yawo anaipanga choncho.

Konzani pogwirira ntchito

Yalani thawulo loyera patebulo, osati pakhonde pomwe pali mphepo ndi nkhuku. Mufunika sikuludiraiva yaing'ono yakuthwa bwino, mswachi wakale, timitengo totokosera m'mano, thonje, sipiriti, kopanira tinthu ting'onoting'ono, ndi oyilo wopepuka. Ngati mulibe oyilo wa ma reel, wa makina osokera amagwira bwino ntchitoyi ndipo telala aliyense ali naye. Thireyi ya mazira ndi yabwino poikamo tizitsulo motsatana ndi mmene mwatichotsera. Foni ikhale pafupi kuti muzijambula chilichonse musanachichotse.

Gawo loyamba: penyani ndi kumvetsera

Musamasule kalikonse. Vundukulani chingwe chounjikanacho pokoka ndi dzanja mpaka spool iyambe kuzungulira momasuka. Kenaka pukusani handulo pang'onopang'ono kwambiri, reel ili pafupi ndi nkhope, maso ali pa worm.

Ngati worm ikuzungulira koma kangolo sikakusuntha, vuto ndi kadzino: katha, kathyoka, kapena kagwa. Ngati kangolo kakuyenda koma kakukakamira kumapeto amodzi, mwina kukangonjenjemera pomwepo osabwerera, n'kadzino komweko kapena kumapeto kwa ngalande kwadzaza litsiro. Ngati kakuyenda modumphadumpha ndipo mukumva kukhukhuluza, ndi mchenga. Ngati worm yeniyeniyo siikuzungulira, nkhani ili mkati, ku magiya, ndipo tifikako. Ngati zonse zikuyenda bwino koma chingwe chikuyalika mopendekeka, dumphani mupite pa gawo lachisanu ndi chimodzi chifukwa kangolo kalibe mlandu.

Musaiwale kuyang'ana kachingwe koduka. Kachidutswa ka chingwe chopyapyala kamatha kukulungika kumapeto kwa worm, pobisika, n'kuimanga ngati mmene ulusi umamangira bobini. Kachotseni ndi nsonga ya singano.

Gawo lachiwiri: gwirani kachitsekero

Tembenuzani reel chagada. Pansi pa kangolo muona kachitsekero kobulungira kokhala ndi mpata wa sikuludiraiva. Kayeseni ndi chala. Nthawi zambiri mupeza kuti kangomasuka chifukwa cha kugwedezeka pa galimoto kapena m'boti, ndiye kadzino kakwera m'mwamba n'kutuluka mu ngalande. Ngati ndi choncho, pukusani handulo pang'ono uku mukumanga kachitsekeroko, kuti kadzino kapeze njira yake.

Mangani mpaka kagwire basi. Pa ma reel ambiri kachitsekeroka ndi ka pulasitiki ndipo kamang'aluka mukakakhwimitsa ngati nati wa njinga. Komanso kukakhwimitsa kwambiri kumapanikiza kadzino mu ngalande, handulo n'kulemera.

Gawo lachitatu: tulutsani kadzino

Apa ndiye pagona nkhani. Yendetsani kangolo kafike chapakati, ngati kakulola. Masulani kachitsekero reel ili chagada pamwamba pa thawulo. Suzumirani mkati mwa kachitsekeroko muone washala uja, chifukwa amakonda kumatirira m'menemo kenaka n'kugwa inu osaona. Tsopano tembenuzani reel ndipo muigogode pachikhatho. Kadzino kakapanda kugwa, pukusani handulo pang'ono kuti worm ikakankhe, kapena kakokeni ndi kopanira. Maginito aang'ono amathandizanso ngati kali kachitsulo kogwira maginito.

Kapukuteni ndi sipiriti ndipo mukayang'ane pa kuwala. Kamera ya foni mukaikuza imaonetsa bwino kuposa maso. Kadzino kabwino kamakhala ndi timanyanga tiwiri tofanana, ndipo mbali zake zimakhala zosalala. Kakatha, kunsi kwake kumapyapyala ngati lezala, kanyanga kamodzi kamafupika kapena kubenthuka, ndipo m'mbali mumaoneka timikwingwirima pomwe worm yakhala ikudya. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, kasintheni. Musataye nthawi kukanola ndi tupa. Ndinayesapo, kanayenda tsiku limodzi, mawa lake kanayamba kulumpha pamphambano za ngalande.

Kadzino n'kotsika mtengo poyerekeza ndi worm, ndipo n'kamene kamatha msanga. Kakatha inu n'kumapitiriza kuwedza nako, m'malo motsata ngalande yake kamayamba kugunda nsonga za pamphambano paja mpaka kuzibenthula. Apo ndiye kuti mugula zonse ziwiri.

Pogula onetsetsani nambala ya reel yanu, yomwe imalembedwa pa phazi lake kapena pambali. Timano ta Shimano, Daiwa ndi Abu Garcia timaoneka ngati tofanana koma timasiyana utali ndi makulidwe, ndipo kolakwika kamalowa bwinobwino kenaka n'kuwononga worm. Pa pepala la chithunzi cha ziwalo lomwe limabwera m'bokosi pali nambala ya kachiwalo kalikonse. Ngati munagula reel yakale yopanda bokosi, mapepala amenewa amapezeka pa intaneti. Kwa ife amene masitolo a zida zoterezi ali kutali, ndi bwino kuitanitsa tiwiri kapena titatu nthawi imodzi pamene mwapeza wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku Harare, komwe owedza nsomba za bass ndi tigerfish ndi ambiri.

Gawo lachinayi: tsukani worm ndi kuiyendera

Kadzino kali kunja, kankhani kangolo ndi chala kuchokera mbali ina kufika ina. Kayenera kutsetsereka popanda kugwira paliponse. Kakagwira pamalo amodzi, yang'anani kapaipi kokuta worm kapena kamtengo kachitsulo komwe kangolo kamatsamira. Reel ikagwa pa mwala kapena kupondedwa m'boti, kapaipika kamapindika pang'ono, ndipo ngakhale mutaika kadzino katsopano kangolo kazikakamirabe pomwepo.

Nyowetsani mswachi ndi sipiriti ndipo mutsuke worm kudzera pong'ambika pa kapaipi, uku mukupukusa handulo kuti mbali zonse zifikidwe. Reel muipendeketse kuti zonyansa zizidonthera pa thawulo, zisalowe ku mabeyaring'i. Kenaka tengani kamtengo kotokosera m'mano, ikani nsonga yake mu ngalande ndipo muitsate yonse, kupita ndi kubwerera. Mudabwa ndi phala lakuda limene lituluke, makamaka kumapeto kuwiri kuja komwe kadzino kamatembenukira. Musagwiritse ntchito singano kapena msomali pano, chitsulo chimakala.

Kamtengo komweko kakuuzaninso za thanzi la worm. Kakamakodwa pamphambano ina, yang'anitsitsani pamenepo. Nsonga za pakati pa ngalande zimayenera kukhala zosongoka ndi zofanana. Mukapeza yophwanyika, yopindika kapena yobenthuka, worm imeneyo yatha ntchito, ndipo idya kadzino katsopano m'masiku ochepa.

Pa za mafuta pali mkangano pakati pa owedza. Ena amapaka girisi. Ine ndimakana, makamaka kwa ife owedza m'malo a fumbi ndi mchenga. Girisi pa worm amakola mchenga uliwonse ndipo amasanduka sandipepa wopalira chitsulo. Madontho awiri a oyilo wopepuka, lina pa worm lina pa kadzino, ndi okwanira, bola muzibwereza pafupipafupi. Pa reel yonga Ambassadeur girisi amafupikitsanso mtunda woponya, popeza spool imayenera kukoka kangolo kolemedwa ndi phala. WD-40 angakuthandizeni kumasula zomwe zachita dzimbiri, koma sakhalitsa, choncho musamuyese oyilo.

Pobwezera, ikani kadzino m'bowo kunsi kwake kutaloza ku worm. Kasindikizeni pang'ono ndi kamtengo uku mukupukusa handulo mwapang'onopang'ono. Mumva kakuti tswi, katsika n'kukhala mu ngalande, ndipo kangolo kayamba kuyenda. Pokhapo ndi pamene muike washala ndi kachitsekero. Mukamanga kachitsekero kadzino kali pamwamba pa nsonga, mwaphwanya zomwe mumakonza. Mukatha, gwedezani kangolo ndi chala. Kusewera pang'ono n'kwabwino, koma kakamagwedera kwambiri ndiye kuti washala uja watha kapena wasowa. Handulo ikalemera mutamanga, mwina mwaika mawashala awiri pomwe pamafunika mmodzi.

Gawo lachisanu: worm ikakhala kuti siikuzungulira

Apa mutsegula mbali ya reel. Pa ma reel ophwatalala, giya yoyendetsa worm ili kumbali ya handulo. Chotsani kachitsulo kotchinga nati, masulani nati, chotsani handulo, kenaka nyenyezi ya drag (buleki yolola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu) ndi mawashala ake. Awiri mwa mawashalawo amakhala opindika ngati mbale, ndipo jambulani mmene ayang'anizirana chifukwa mukawatembenuza drag siigwiranso bwino. Chenjerani ndi nati wa handulo pa ma reel a dzanja lamanzere: pa ambiri mazinga ake ndi otembenuza, amamasuka popotera kumanja. Anthu ambiri awononga mazinga pamenepa poganiza kuti nati wangolimba.

Mukatsegula muona kagiya kakang'ono kumapeto kwa worm, kawirikawiri ka pulasitiki yoyera, kolumana ndi giya ina. Yang'anani mano ake onse. Kangolo kakakakamira munthu n'kukakamiza handulo, mano a kagiyaka ndi amene amayamba kusosoka. Onaninso bowo lake lapakati, lomwe limakhala lophwatalala mbali imodzi kuti ligwire worm. Likakula n'kukhala lobulungira, kagiya kamazungulira kokha worm ili phee. Pa Ambassadeur giya yotereyi ili kumbali inayo, yopanda handulo, ndipo imalandira mphamvu kuchokera ku spool.

Ngati mukusintha worm, kumapeto kwake kwina kuli kachitsulo kooneka ngati chilembo E kamene kamaigwira. Kameneka kali ndi mapiko. Kachotsereni mkati mwa jumbo yoonekera, manja ndi reel zili momwemo, apo ayi mukafunafuna pansi pa mipando mpaka dzuwa kulowa. Sololani worm, sungani bwino timabushi kapena beyaring'i za kumapeto kwake, ndipo mubwezere motsatira zithunzi zanu. Mano a magiya ndiwo amafuna girisi, pang'ono chabe.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kangolo kali bwino koma chingwe chikuvutabe

Ngati chingwe chikuyalika chokwera mbali imodzi, yambani mwaona ngati reel yakhala mowongoka pa ndodo. Kenaka gwedezani spool ndi chala uku ndi uku. Ikamasewera kwambiri, mangani kachitsekero kake ka pambali mpaka kusewerako kutsale pang'ono zedi. Pa ma reel ena obulungira okhala ndi zitsekero mbali zonse ziwiri, masulani china ndi kumanga chinzake mpaka spool ikhale pakati penipeni.

Kawirikawiri vuto limayambira pa tsiku loika chingwe. Chingwe chidutse m'mphete za ndodo, chilowe pa kadiso, ndipo muchipane ndi kansalu konyowa patsogolo pa reel, pakati, kuti chilowe chokungika. Mukachipanira pambali chiunjikana komweko. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani mamilimita awiri kapena atatu. Chingwe cholukidwa chija, cha braid, chimaterera pa spool yosalala: handulo ikuzungulira, kangolo kakuyenda, koma nsomba siikubwera. Yambani ndi mamita angapo a chingwe wamba cha nayiloni pansi, kenaka mulumikize braid.

Ngati chingwe chikumaduka chokha kapena kuchita ubweya, kayikirani kadiso. Lowetsanimo thonje ndipo mulipotoze. Likasiya ulusi wokodwa, ndiye kuti mkatimo muli mng'alu kapena mwadyeka mpata. Kadiso ka seramiki kamang'aluka kakagundidwa ndi swivel, kachitsulo kozungulira kolumikizira chingwe ndi nyambo, zomwe zimachitika munthu akapukusa mpaka nyambo kufika kunsonga pa ndodo ya mphete zazikulu. Kadiso kotere sikakonzeka, musinthe kangolo konse. Yesaninso thonje lomwelo pa mphete za ndodo musanaweruze reel.

Mfundo yolumikizira zingwe ziwiri ikakhala yaikulu imagunda pa kadiso poponya, spool n'kupitiriza kuthamanga, chingwe n'kupiringizana. Mangani mfundo yowonda monga ija owedza amaitcha FG, kapena fupikitsani chingwe cha kutsogolo kuti mfundoyo isamalowe mu reel. Pa ma Daiwa okhala ndi kadiso kooneka ngati chilembo T, monga Tatula, kangolo kamagwada kutsogolo mukadina batani kuti chingwe chituluke pa mpata waukulu, ndipo kamadzuka mukapukusa. Kakamachedwa kudzuka, tsukani ndi kudontheza oyilo kumapeto kwa kapaipi komwe kamatembenukira.

Za Ambassadeur ndi anzake

Pa reel imene kangolo kake kamayenda poponya pali vuto lina lapadera. Chingwe chinayalidwa motsatira mayendedwe a kangolo, choncho potuluka chimayenera kutsatanso mayendedwe omwewo. Chikaduka n'kubwerera mkati, kapena mukachotsa spool n'kuibwezera, ziwirizi zimasemphana. Kangolo kali kumanja, chingwe chikuchokera kumanzere. Poponya mumva kugwedeza, mtunda ufupika, ndipo nsomba yaikulu ngati kampango ikakoka mwamphamvu chingwe chimakhula pa kadiso chopingasa mpaka kuduka kapena kuthyola kadzino.

Kukonza kwake n'kosavuta. Chotsani chingwe pa kadiso. Masulani spool ndipo mukoke chingwe pang'ono muone pomwe chikuchokera ndiponso mbali imene chikulowera. Tulutsani kadzino, kankhani kangolo kafike moyang'anizana ndi chingwecho, bwezerani kadzino. Kokaninso chingwe. Ngati kangolo kakupita kumanzere chingwe chikupita kumanja, ndiye kuti kadzino kalowa ngalande inayo. Katulutseninso, katembenuzeni pang'ono kuti kalowe yopingasa nayo. Zikagwirizana, lowetsani chingwe pa kadiso. Ndipo zala zanu zizikhala kutali ndi kangolo nsomba ikamathawa ndi chingwe, chifukwa kamapana chala pa chimango mopanda chisoni.

Kuyesa musanapite kumadzi

Mangani chingwe pa mtengo pabwalo, yendani chammbuyo mamita makumi atatu kapena anayi, kenaka bwererani mukupukusa ndodo itapindika pang'ono. Kadzino kotha kamatha kunamiza pa tebulo, n'kumayenda bwinobwino popanda katundu, koma chingwe chikakungika kamalumpha. Yang'anani kangolo kakafika kumapeto onse awiri. Kayenera kutembenuka kosaima, kopanda phokoso. Bwerezani katatu.

Mukabwera kowedza, pukutani worm ndi mswachi wouma ndipo mudonthezepo oyilo. Ngati munali ku madzi a mchere, monga kugombe la Mozambique, yambani mwatsuka ndi madzi abwino othira pang'onopang'ono, osati opopera mwamphamvu, chifukwa amakankhira mchere mkati. Kadzino kapadera kaja kakulungeni m'kapepala pamodzi ndi washala wake, mukamate ndi selotepi mkati mwa chivundikiro cha bokosi la mbedza, ndipo sikuludiraiva yaing'ono ija izikhala momwemo.